Ndinkati Kutchetcha Si Ntchito

Ndivomere poyamba kuti palibe anandituma. Nzeru zochotsa Madala ntchito zinali zangazanga, ndipo zinandibwerera usiku, nditakhala patebulo ndi cholembera komanso envulopu yakale, sabata ija Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Masiku amenewo aliyense mu Lilongwe muno anali pa masamu. Shuga anakwera, mafuta ophikira anakwera, petulo ndiye osanena, koma malipiro anga anangokhala duu pomwe anali. Ndinalemba zonse zotuluka m'thumba pamwezi: lendi, fizi ya ana, magetsi, madzi, chakhumi, ya mayi kumudzi. Lendi sinkatheka kuigwira. Nditafika pa chakhumi mtima unagunda, ndinadumpha. Cholembera chinatsetsereka mpaka pamzere womaliza pamene panali mawu akuti "Madala, K40,000", n'kuima pomwepo.

Madala tinawapeza panyumba pano titasamukira ku Area 49. Eni nyumba anangoti, "Awa ndi amene amasamala panja," ngati akutionetsa mita ya madzi. Dzina lawo ndimalidziwa, koma kuyambira ana anga mpaka wogulitsa makala aliyense amangoti Madala. Ankachokera ku Mtandire panjinga, Lolemba mpaka Loweruka, ndipo pofika 6 koloko amakhala atalowa kale pageti, atapinda buluku mwendo umodzi.

Mlandu wanga pa iwo ndinaukonza kuchokera pawindo la kuchipinda. Ndikamamanga tayi ndinkawaona atakhala pachitsa, chikwakwa chili pabondo, akuchipala ndi tupa, kwee, kwee, kwee, mwina mphindi makumi awiri zathunthu. Loweruka ndikakhala pakhomo ndinkawapeza masana ali pansi pamtengo wa mango, chipewa chili kumaso. Ndinkati mumtima: munthu ameneyu theka la tsiku amathera kusisita chitsulo, theka linalo kugona, ndiye ine ndikulipira chiyani?

Koma munthu wophunzira sachotsa mnzake ntchito chifukwa cha umbombo. Amafuna chifukwa chooneka bwino. Changa ndinachitola kuofesi, kwa mnzanga wina wokonda zandale, amene anati kulemba munthu wosamala panja ndi khalidwe lomwe atsamunda anatisiyira, aja ankaitana bambo waimvi kuti "boyi" ndipo ife tinangolandira dzina la gadeniboyi osalifunsa n'komwe. Mawu amenewo ndinawakonda kwambiri, makamaka chifukwa ankandipulumutsira K40,000. Mayi wina wa muofesi momwemo anamutsutsa, amvekere, "Ndiye mukam'chotsa, ufulu mwam'patsawo akaphika?" Ameneyo sindinamumvere. Sindinakumbukirenso dala msuweni wanga amene amasamala maluwa m'nyumba za anthu ku Johannesburg, monga achitira Amalawi ambirimbiri kumeneko, ndipo wamanga kumudzi nyumba yamalata pamene ine wa tayi ndikadali pa lendi.

Kunyumba ndinaika nkhaniyo motere: "Ine ndine mwana wa mlimi. Ndinakula ndi khasu. Kupulayimale ndatchetchapo bwalo lonse la mpira."

Mayi a kunyumba anali kusenda anyezi. Sanatembenuke. "Bambo, bwalo limene mukunenalo munatchetcha chifukwa chochedwa kusukulu, ndipo papita zaka makumi atatu. Nthawi imeneyo mimbayo munalibe."

Pa 30 Novembala ndinawaitana Madala, n'kuwapatsa malipiro awo ndi kena kapamwamba, ndipo ndinayankhula zambiri zokhudza chuma cha dziko. Anamvetsera atagwira chipewa ndi manja awiri. Nditamaliza anati, "Zikomo bwana, ndamva. Koma ndikuonetseni kaye zingapo panjapa." Ine manyazi anali atandigwira, ndimafuna achoke msanga, ndiye ndinati, "Musavutike Madala, bwalo langa ndikulidziwa." Anandiyang'ana kanthawi, anatenga kajumbo kawo m'shedi, n'kukwera njinga.

Mvula inagwa. Amene sanakhalepo ndi kapinga sadziwa zimene udzu umachita mu Disembala. Umaugoneka Loweruka, Lachitatu wadzuka, Loweruka linalo ukukufika m'mawondo uli ndi anzake: chisoso, bonongwe, khovani ndi zina zimene sindinazionepo chibadwire. Loweruka loyamba ndinadzuka 9 koloko, ndinamwa tiyi mwaufulu, n'kutuluka nditavala kabudula ndi nsapato zothamangira zimene ndinagula zaka zitatu zapitazo koma zinali zisanathamangepo. Mizere iwiri yoyamba inayenda bwino, moti ndinaitana ana kuti aone. Pofika mzere wachisanu chikwakwa chinasiya kudula. Chinkangoweramitsa udzu, ine ndikadutsa udzuwo n'kudzukanso kumbuyo kwanga. Ndinawonjezera mphamvu. Dzuwa linafika pamutu. M'manja munatuluka matuza anayi, awiri n'kuphulika. Ndinakafufuza tupa m'shedi, sindinalipeze, ndipo ndinakalipa kuti anthu a masiku ano akamachoka amanyamula ndi katundu yemwe.

Madzulo ake mwana wanga wamng'ono anandipeza chagada pansi pamtengo wa mango uja, pamalo penipeni pa Madala, nyuzipepala ili kumaso. Anathamangira m'nyumba akukuwa, "Amami, adadi nawonso ayamba ulesi!" Lamulungu kutchalitchi ndinalephera kugwada. Mkulu wa mpingo anandifunsa ngati ndili ndi chifukwa.

Za ndiwo zamasamba ndingodutsapo mwachangu chifukwa zimandipwetekabe. Madala anasiya mabedi anayi a repu, mpiru, chainizi ndi tomato, ndipo kwa zaka zonsezo sitinkagula masamba kumsika. Mu Febuluwale 2024 mvula inadula, ng'amba ija ya El Niño imene inachititsa boma kulengeza mu Malichi kuti m'maboma 23 mwa 28 mwagwa tsoka. Masamba anga anayamba kufota. Ndinaganiza kuti ali ndi njala. Ndinagula Urea wa pambale kumsika, n'kuthira dzanja lodzaza patsinde lililonse, dothi lili gwaa, dzuwa lili phwee. Kumudzi bambo anga ankathira ndi kachitsekerero ka botolo, patali ndi tsinde, nthaka ili yonyowa, koma ine ndinati amenewo ankaumira chifukwa cha umphawi. Patatha masiku atatu mabedi onse anali ngati wina wawathira madzi otentha. Mayi a kunyumba anaima pamenepo atagwira m'chiuno, n'kungoti, "Safunsa adadya phula," basi n'kutuma mwana kuti akagule mpiru wa K500.

Tsiku limene anthu a mumzere wathu amalikumbukira linali la mpanda. Kutsogolo kwa nyumba kuli mpanda wa maluwa umene Madala ankaumeta mosalala ngati tebulo. Panali malo amodzi okha, pakona pafupi ndi mtengo wa gwafa, pamene ankasiya chitsamba chotukumuka, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkachitenga ngati umboni wina wa ulesi wawo. Pofika Malichi mpanda wonse unali utasanduka nkhalango, moti aneba a kumanja anandifunsa mwaulemu ngati nyumbayo tikusamukamo. Ndinatenga sizasi yaikulu, ndinakwera pampando wapulasitiki, n'kuyambira pakona pomwepo kuti ndikonze zimene zinam'kanika mkulu uja.

Ndinadula kamodzi. Ndinadula kachiwiri. Kachitatu ndinamva ngati wina wandikhoma msomali wamoto pachikope, kenako wina kukhutu, wina pakhosi. Mavu. Chisa chawo chinali chitalendewera m'katikati mwa chitsambacho, chachikulu ngati mbale ya nsima. Mwendo wa mpando unathyoka, ndinagwera m'maluwa, ndinadzuka, ndinathamanga. Nsapato zija tsiku limenelo zinathamanga. Koma m'malo molowa m'nyumba ndinatulukira pageti, ndikuvula malaya ndi kudzimenya nawo kumutu, mpaka kumsewu kumene amayi a bankinkhonde anali atangoweruka kumene pamsonkhano wawo. Analipo oposa khumi, ena a kutchalitchi kwathu. Mmodzi anafuula kuti, "Wakuba!" Wina anati, "Ayi, ndi bambo a pa nyumba ya mango aja, kaya chawagwera n'chiyani." Mnyamata wa kabaza anayima n'kuyamba kujambula pafoni. Diso linatupa mpaka kutsekeka, mlomo wam'mwamba unakula ngati chitumbuwa, ndipo Lolemba kuntchito palibe anakhulupirira za mavu. Abwana anandiitanira pambali n'kundiuza kuti nkhanza za m'banja zimachitikiranso abambo, ndisachite manyazi.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinaganiza kuti ndibwezeretse ulemu wanga pobzala mtengo wa mapeyala. Pakati pa mpopi wapanja ndi khichini panali kamzere ka njerwa zoswekasweka zimene Madala anazikwirira theka m'dothi, ndipo ine ndinkaziona ngati zokongoletsa zosakongola. Ndinazizula, n'kuyamba kukumba dzenje ndi piki. Kachinayi piki inalira mosiyana, ndipo madzi anathovoka kupitirira denga. Linali Loweruka madzulo. Sindinkadziwa pomwe pali chotsekera madzi onse a panyumba. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi sindinafunepo kudziwa. Ndinagwira paipiyo ndi manja, kenako ndinaipondapo, kenako ndinaikhalira. Ana anavula malaya n'kuyamba kusewera m'madzimo. Mayi a kunyumba anatulutsa ndowa ndi mabeseni onse, amvekere, "Poti tilipira ndithu, bola titungeko." Pulambala anafika mdima utagwa, anafukula chotsekeracho pansi pa udzu umene ndinalephera kutchetcha uja, n'kulipiritsa mtengo wa usiku. Bilu ya madzi itabwera ndinaibisa m'galimoto masiku anayi.

Usiku wina ndinatenganso envulopu ija. Ndinalemba pulambala, paipi, bilu, mankhwala a kuchipatala, mafuta opaka msana, mpando, Urea, masamba ogula miyezi iwiri, ndi anyamata awiri aganyu amene ndinawalemba mobisa tsiku lina mayi a kunyumba ali kumudzi, omwe anatchetcha kapinga pamodzi ndi maluwa a rozi a mayiwo. Nditaphatikiza ndinang'amba envulopuyo tizidutswatizidutswa kuti asaione munthu.

Ku Mtandire ndinapita Lamulungu masana, nditanyamula paketi ya shuga. Galimoto ndinaisiya kumsewu chifukwa tinjira take sitilola, ndipo ndinafunsa kanayi ndisanafike. Panyumba pawo, kabwalo kosakwana malo oimikapo galimoto imodzi, panali posesedwa bwino, ndipo m'matumba a simenti ndi m'zigubu zodula munali tomato, anyezi ndi mpiru wobiriwira kuposa uliwonse umene ndinauona chaka chimenecho. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pa njerwa. Tinapatsana moni wautali, wa ana, wa amayi, wa kumudzi, wa mvula. Diso langa linali litaphwa koma chipsera chinalipo. Anachiyang'ana n'kufunsa modekha, "Pakona pa gwafa paja, bwana?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Aja amafuna usiku, kukazizira, ali m'tulo. Ndimafuna ndikuuzeni tsiku lija. Ndi za njerwa zija."

"Njerwa zija ndinazipeza kale, Madala," ndinatero.

Sanaseke. Ndikanakonda akanaseka. Ndinafunsa, ngati nkhani yongodutsa, chifukwa chimene ankathera nthawi yambiri akunola. Anati udzu umafuna m'mawa mame asanaume, chikwakwa chili chakuthwa. Ukatero chimadula chokha, iwe n'kumangochiperekeza. Dzuwa likakwera udzu umalimba, munthu umangodzipha. Pofika nthawi imene ine ndinkawaona pansi pa mango, ntchito imakhala itatha kalekale.

Kenako tinafika pa nkhani imene ndinabwerera. Ndinati zinthu zayambako kuyenda bwino, ndiye akhoza kubwerera monga kale. Anayang'ana pansi n'kuyamba kujambula m'dothi ndi kamtengo. Anati pawailesi anamva kuti boma linakweza malipiro otsikitsitsa a antchito a m'nyumba kufika K52,000, koma iwo za pamwezi anasiya. Tsopano ali ndi nyumba zitatu ku Area 47, amalipidwa patsiku, ndipo wina mwa mabwanawo amawapatsa ndi tiyi wamkaka. Anati chifukwa ana anga anawazolowera, akhoza kundipezera masiku atatu pasabata, K5,000 patsiku. Ndinawerengera chamumtima: masiku achepa ndi theka, ndalama yadutsa K60,000. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinenerere, msana unandikumbutsa, ndinatseka.

Potsazikana ndinati ndichotse kanthu kamene kanali kukhosi. "Koma Madala, tupa lija munapita nalo. Ndinalifuna kwambiri."

"Lija ndi langa, bwana. Ndinagula ndekha. Pakhomo panu tupa simunagulepo."

Anabwera Lachiwiri, 6 koloko isanakwane. Anazungulira bwalo lonse osayankhula, manja ali kumbuyo, ngati mfumu ikuyendera manda. Anaima nthawi yaitali pamabedi a masamba. Anatola chikwakwa pomwe ndinachitaya, n'kuyendetsa chala kukamwa kwake komwe kunali kutapindikapindika ndi miyala. Ine ndinali pakhonde ndi kapu ya tiyi, tayi ili m'khosi, ndipo pofuna kuonetsa mtima wabwino ndinati Loweruka ndidzawathandizako pang'ono.

"Ayi bwana," anatero akukhala pachitsa chawo n'kutulutsa tupa m'kajumbo. "Inu muzingotsegula geti."