Ine ndi kuwala ndife apachibale

Mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira pa yunivesite ya MUST ku Ndata konkuno ku Thyolo, adatulukira kwathu ku Khonjeni Loweruka lapitali. Atangolowa m'nyumba, maso ali kudenga. Malata anga ali ndi ziboo kuposa sefa, moti dzuwa likakwera, timizere ta kuwala timatsetsereka mpaka pamkeka. Ine manyazi, iye chimwemwe.

"Amalume, muli ndi labotale!"

Ndidamuuza kuti dzinja labotaleyo imafuna mabeseni asanu, koma phunziro linali litayamba kale.

Akuti Isaac Newton ankati kuwala ndi timibulu. Cha m'ma 1801, Thomas Young adadutsitsa kuwala pa timipata tiwiri toyandikana, ndipo kutsogoloko kudaoneka mizere yambiri, yowala ndi yakuda mosinthana. Khalidwe limeneli ndi la mafunde. Ponyani miyala iwiri padamu muone: mafunde akakumana, pena amakwezana, pena amaphana. Mlandu udaoneka ngati watha, koma mu 1905 Albert Einstein adautukula. Adati kuwala kumabwera m'timibulu, ndipo kambulu kamodzi kamphamvu zokwanira kakamenya chitsulo kamatha kugwetsa elekitironi imodzi, ngati mwana wogenda mango. Adalandira nazo mphoto ya Nobel ya 1921. Timibuluto ndiye mafotoni. Kasola kanga kotchajira foni kamadya omwewo, chimodzimodzi tsamba la tiyi limene ndimathyola.

"Tsono mphwanga, ndi funde kapena kambulu?"

"Zonse ziwiri, amalume. Fotoni imodzi, popanda woiyang'anira, imayenda ngati yadzera mipata yonse iwiri. Mukaika chida choti muone kuti yadzera pati, imapezeka pa mpata umodzi, mizere ija n'kuzimirira."

Apa mutu wanga udatseguka. Sayansi imeneyi ndaichita zaka zambiri popanda satifiketi. Akapitawo akaima kumbuyo kwanga, ndine kambulu: mzere umodzi, dengu kumsana, masamba awiri ndi kansonga. Akangopotoloka, ndimamwazika ngati funde, kwina pamthunzi, kwina kwa mayi wa zitumbuwa. Tsiku la malipiro ndimadzera mipata iwiri nthawi imodzi, wa kugolosale ndi wa kumowa, mpaka m'thumba kutsala mizere yakuda yokhayokha.

Pakamwa mpamene padandipachika. Nzeru zimenezi ndidazilankhula mokweza, mayi a kunyumba akugawa ndiwo. Adaika chipande pansi mwaulemu.

"Ndamva, bambo. Chida choyang'anira chija ndine. Tsiku la malipiro tipitira limodzi."

Tidapitadi. Kuwala kwa dzuwa kumayenda makilomita pafupifupi 150 miliyoni m'mphindi 8 kuti kufike pa malata anga. Malipiro anga sadathe ngakhale mphindi imodzi kuti afike pamfundo ya chitenje chawo. Ndidabwerera kunyumba kudzera njira imodzi, mutu uli gwa, ufa uli panjinga.

Abale anga, mwana wa kuyunivesite akakuchezerani, mupatseni nsima msanga asanayang'ane kudenga.