Mmene Mungakhalire Mtaliyana wa Lendi ku North End

Mukalowa m'nyumba imene mukufuna kuchita lendi, musathamangire kufunsa mtengo ngati munthu wanjala. Ku North End, dera lakale kuposa onse okhalamo anthu mumzinda wa Boston, munthu wolemekezeka amayamba wasisita khoma, n'kupumira m'mwamba, n'kunena chapansipansi kuti, "Njerwa zakale zenizeni izi." Mwini nyumba akamva zimenezo amadziwa kuti laponda lamphawi.

Njerwazo ndi zimene mukulipira, bwana. Kwathu khoma lopanda pulasitala limaulula kuti ndalama zinathera panjira, ndipo mwini wake amauza alendo mwamanyazi kuti "tikumalizitsa". Ku Boston amachita kulemba amisiri kuti akasule pulasitala amene analipo kale, njerwa zionekere, lendi ikwere. Kumeneko ndiye kukonzanso nyumba. Amawonjezerapo firiji yonyezimira ndi mwala wosalala wa m'khitchini, basi. Masitepe okha ndiwo amawasiya mmene analili. Nyumba zambiri kuno n'zosanja kanayi kapena kasanu ndipo zilibe chikepe, choncho musanagule sofa yambani mwayeza khonde, kenako mupime mtima wanu kuchipatala.

Musaiwale kunyadira mbiri ya chipinda chanucho. Nyumbazi anazimanga kuti muzipanikizana amphawi obwera pa sitima zapamadzi. Kuderali kunayamba kudzaza anthu a ku Ireland, kenako Ayuda, kenako Ataliyana ochokera ku Sicily ndi ku Avellino. Cha m'ma 1930 anthu oposa 40,000 ankakhala pa kamalo kosakwana sikweya kilomita imodzi. Chipinda chimene inu mukuti n'chothina kwa munthu mmodzi ndi kompyuta yake munkagona banja lathunthu, ndipo ambiri ankakasamba ku bafa la anthu onse la pa North Bennet Street. Iwo ankalimbikira ntchito kuti atulukemo. Inu limbikirani ntchito kuti mulowemo.

Za ndalama n'zosavuta. Tsiku losaina mumapereka ya mwezi woyamba, ya mwezi womaliza, ndi ya chikole. Mpaka mu 2025 munkalipiranso mkhalapakati amene ntchito yake inali kutsegula chitseko. Lamulo latsopano la Massachusetts likuti amulipire ndi amene wamutuma. Musade nkhawa ndi eni nyumba, masamu amawadziwa. Ndipo musavutike kufunafuna lamulo loletsa kukweza lendi, chifukwa anthu a m'chigawochi analivotera kuti lithe mu 1994.

Mudzasamuka pa 1 September, chifukwa ndi tsiku limene pafupifupi mzinda wonse umasamuka. Mukabwereka lole, idutsitseni mu Storrow Drive. Milatho ya msewu umenewu ndi yaifupi, ndipo chaka ndi chaka imasenda madenga a malole a anthu osawerenga zikwangwani. Mukatero mudzaoneka pa TV tsiku loyamba lomwelo, ndipo katundu wanu adzatsitsidwa ndi ena. Galimoto yanu igulitseni. Khonsolo imapereka kapepala komata pagalasi kololeza anthu a m'deralo kuimika galimoto, koma malo oimikawo siipereka. Misewu ngati Salem Street anailambula anthu oyenda pansi ndi pa akavalo, ndipo sinamve kuti zinthu zinasintha.

Tsopano nkhani yaikulu, yofunika kuimvetsa: fungo la penti. Pa 15 January 1919 thanki yaikulu ya manyuchi a nzimbe inaphulika pa Commercial Street. Malita oposa 8 miliyoni anasefukira m'misewu, anthu 21 anafa, ena pafupifupi 150 anavulala. Thankiyo inali itayamba kale kudontha, moti ana ankapita ndi zitini kukatunga, ndipo eni ake anathetsa vutolo poipaka penti wa bulauni kuti kudonthako kusamaoneke. Njira imeneyi yokonzera zinthu sinafe ndi thankiyo. Mukaona denga la bafa likuwala ndi penti wa dzulodzulo, yamikirani mtundu wake mwaulemu, koma gulani ndowa.

Mukakhazikika, sankhani mbali. Pa Hanover Street pali Mike's Pastry ndi Modern Pastry, ndipo onse amagulitsa cannoli, kachitumbuwa kopinda kodzaza ndi tchizi chotsekemera. Munthu wopanda mbali pa nkhaniyi sakhulupirika. Koma samalani: musayende mumsewu mutanyamula kabokosi komanga ndi chingwe, chifukwa chimenecho ndi chiphaso cha mlendo wodzaona malo. Nzika yeniyeni imadutsa mzere wa ogulawo ikupukusa mutu, n'kukagula ku Bova's usiku pakati, pamene palibe woiona.

Alendowo muwazolowere. Mzere wa njerwa zofiira wa Freedom Trail umadutsa pa nyumba ya Paul Revere, yomangidwa cha m'ma 1680, kupita ku Old North Church ya mu 1723, ndipo mwina umadutsanso pakhomo panu. Mukatuluka ndi thumba la zinyalala mudzalowa m'zithunzi za mabanja ambiri. Pesani tsitsi.

Mwezi wa August musadandaule za phokoso. Fisherman's Feast inayamba mu 1910 ndi asodzi ochokera ku Sciacca, ndipo chikondwerero cha Antonio Woyera chinayamba mu 1919 ndi anthu a ku Montefalcione. Inu munabwera chaka chatha. Amuna amanyamula chifaniziro cha woyerayo kuzungulira misewu kwa maola ambiri, bandi ikuomba malipenga, anthu akumata madola pa nsalu zolendewera. Ngati lendi yakusiyirani dola, kamateni. Ambiri mwa onyamulawo ndi zidzukulu za amene ankagona m'chipinda chanu. Masiku ano amakhala ku Medford, ku Revere ndi m'matauni ena oyandikana nawo, kumene kuli malo oimika galimoto, ndipo amabwera kudzakuchitirani Chitaliyana chimene munalipira.

Pali wina woti mumuthokoze pa lendi yanu: msewu. M'ma 1950 boma linamanga msewu wam'mwamba wa Central Artery umene unatsekera North End kumbali, m'phokoso ndi mu utsi, ndipo olemera sankakufunako. Ntchito ya Big Dig inaukwirira pansi, pamwamba pake n'kutsegulapo paki ya Rose Kennedy Greenway mu 2008. Maluwa aja ndi aulere kuwaona, koma bilu yake imabwera pa 1 mwezi uliwonse.

Tsiku limene mudzaone kuti chipinda chakuthinani, kwerani ku Hull Street, moyang'anana ndi manda a Copp's Hill. Pali nyumba yotchedwa Skinny House, ya mamita atatu okha m'lifupi, ndipo khomo lake lili m'kanjira ka pambali. Mu 2021 inagulidwa pa madola 1.25 miliyoni. Musachedweko, mwini nyumba wanu angakupezeni mukuiyang'ana, n'kuyamba kuganiza zogawa chipinda chanu pawiri.