Ulemu kwa a Chizungulire, Eni Khutu Langa

Kuno ku Kasungu kutamanda timakudziwa. Tinatamanda Kamuzu zaka 30 mpaka mawu kusasa. Fodya timamutcha golide wobiriwira ngakhale chaka chimene watisiya ndi ngongole ya feteleza, ndipo pamaliro timayamikira ngakhale munthu amene mudzi wonse ukudziwa kuti anatha mbuzi za eni. Koma ilipo mfumu ina imene palibe anaiwomberapo m'manja, chonsecho ikalamula palibe amatsutsa. Ndikunena a Chizungulire. Osati aja amabwera ukadzambatuka pamphasa kapena ukagona ndi njala, amenewo ndi nyakwawa chabe. Ndikunena eni akewo, okhala m'kati mwenimweni mwa khutu, amene madokotala amati matenda a Ménière. Ine ndine mmodzi wa anthu awo, ndipo ulemuwu ndipereka chokhala pansi, pakuti kuimirira pamaso pawo n'kuputa dala.

Choyamba ndi khalidwe lawo. Angongole amangotulukira pakhomo, matalala amagwa pa fodya wokhwima osapempha malonje, koma a Chizungulire nthawi zambiri amatsogoza amithenga. Khutu limayamba kudzaza, mawu a anthu n'kumamveka chapatali, phokoso la m'khutumo n'kukwera. Ukaona zimenezo, siya chingwe ndi singano yosokera fodya, funa pogona ndi beseni. Akafika eni akewo, denga la chigafa limanyamuka, mikangala ndi fodya wake yemwe n'kuyamba kuthamanga mozungulira, thukuta kuti chitichiti, nsima ya dzulo n'kubwerera njira yomwe inadzera. Sachita changu. Mabuku a madokotala amati ulendo wawo umodzi umatenga kuyambira mphindi 20 mpaka maola 12, ndipo akachoka amakusiya wolefuka, osafunanso mlandu ndi munthu. Ndi mlendo uti masiku ano amene amakupatsa nthawi yake yonse chomwechi, osayang'anako ndi pafoni pomwe?

Chachikulu chimene ndimawalemekezera n'chakuti sanama. Tonse aphunzitsi anatiuza kuti dziko limazungulira, tinalemba pamayeso, tinakhoza, koma mumtima palibe anakhulupirira. Ungakhulupirire bwanji uli pa chigwa chathu chino, chosalala kuchokera ku Santhe mpaka kukafika m'malire a Mzimba, phiri la Kasungu lili njoo pamalo omwe makolo analisiya? Koma zoona zake n'zakuti pano pomwe tapondapa tikuulutsidwa kulowera kum'mawa pa liwiro la makilomita oposa 1,600 pa ola, ife pamodzi ndi zigafa, ngolo ndi mabelo athu. Anthu wamba matupi awo amawabisira zimenezi. Ife osankhidwa timazimva m'mimba momwe. William Kamkwamba wa kwa Wimbe anatchuka dziko lonse chifukwa cha makina ake ozungulira ndi mphepo, ndipo n'koyenera, koma iye anafunika kutolera zitsulo kudzala, kuphwasula njinga ya bambo ake ndi kudikira mphepo. A Chizungulire amazunguza mudzi wonse kuli zii, popanda ndi tsamba lomwe logwedera. Akanangoti apezeke wolumikizako dayinamo, bwenzi kwathu kukuwala.

Tsono taonani kudzichepetsa kwa nyumba yawo. Kuseri kwa mwinikhutu, m'fupa lolimba kwambiri la chigaza, muli kachiwalo kopindika ngati nkhono kamene timamvera mawu, ndi timipaipi titatu topindika timene timauza ubongo ngati mutu watembenuka kapena wawerama. Zonsezi zingakwane pa chikhadabo. M'kati mwake muli timadzi, ndipo timadzi timeneti tikachuluka, timatupitsa timinofu ta m'katimo. Khutu lina limati dziko laima, linzake likuti likuthamanga, ubongo n'kusowa woti umumvere. Mu Okutobala, anthu akukanganirana chitsime cha kudambo ndi makheni othirira nazale, ine ndimakhala ndi madzi osefukira m'mutu, osakwana ndi dontho lomwe, koma okwanira kugwetsa bambo wa ndevu zake.

Amene anawatulukira pobisalapo ndi dokotala wa ku France, Prosper Ménière, yemwe ankagwira ntchito pa sukulu ya osamva ku Paris. M'chaka cha 1861 iye anauza madokotala anzake kuti chizungulire chotere gwero lake ndi khutu, pamene onse ankaloza ubongo. Za kuchuluka kwa madzi zija zinadziwika mu 1938, pamene Hallpike ndi Cairns ku London, komanso Yamakawa ku Japan, anapima makutu a anthu omwe anamwalira ali ndi matendawa. Koma chimene chimachulukitsa madziwo, ophunzira akukanganabe mpaka lero. Mfumu yeniyeni siulula zonse za kudambwe.

Ndiyamikenso chifundo chawo pa mlimi. Fodya sadziwa Sabata. Ukachoka ku nazale ndi kuwokera, ukawokera ndi kupalira ndi kubandira, kenako kuthena, kuthyola, kusoka, kupachika, kusankha usiku ndi koloboyi, kudinda pa jeke, ndiye kudikira pa Chinkhoma kapena ku Kanengo kuti umve ngati belo lako lagulidwa kapena labwezedwa. Pomwe ndalama zikutuluka, nthawi ya nazale yakwananso. Tenanti alibe tchuthi cha odwala, ndipo mlimi wodziimira payekha bwana wake ndi ngongole, imene nkhanza zake zimaposa za kapitawo. Ndani winanso pa chigwa chino angalamule munthu kugona masana mu Febuluwale, fodya akupsa m'munda, popanda wotsutsa? Boma silinathe, mabungwe a alimi sanathe. A Chizungulire amangonena kamodzi.

Ali ndi msuweni wawo amene sindimutamanda, ndipo ndimutchule kuti anthu asamawasokoneze. Ameneyo amakhala pa tsamba lonyowa. Ukathyola fodya wa mame m'mawa n'kumukumbatira pachifuwa, chikonga chimalowera pakhungu, ndipo pofika masana mutu ukuwawa, mseru, kusanza, dziko likuyenda. Lipoti la bungwe la Plan la mu 2009 linati ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi muno amatha kulowetsa m'thupi chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Msuweniyu alibe mwambo, amagwira ndi ana omwe, ndipo kumuthamangitsa n'kosavuta: zovala zosalowa madzi, kudikira mame akamuke, kusamba, ndi kuchotsa ana m'munda. Kuti akadali pakati pathu si nzeru zake ayi, ndi mtengo wa pa okushoni.

Tibwerere kwa eni ulemu. Anthu amataya ndalama za chaka chathunthu kuti adzandire pa msika wa Chinkhoma masiku atatu. Ine ndimadzandira ulere, m'mawa dzuwa lisanatenthe, m'kamwa muli mbee. Ndipo mbiri imabwera yokha. "Awo agulitsa fodya, taonani mmene akuyendera." Wakabaza amakuzemba, amayi a pachigayo amagwirana pakamwa, akulu a mpingo amabwera awiriawiri kudzacheza nawe za kudziletsa. Ukanathyoka mwendo bwenzi akubweretsera phala, koma nthenda yopanda bala ndi bandeji anthu amaipezera dzina lawo. Kuchipatala chaching'ono amakubaya chala, malungo osapezeka, amakuyeza magazi kuthamanga, ali bwinobwino, n'kukuuza kuti uchepetse maganizo. Kumudzi akuluakulu amakumbukira msanga kuti chaka chatha unakangana ndi alamu ako za malire a munda. Motero a Chizungulire amakuonetsa, popanda kulipira woombeza, zimene aliyense wa anansi ako ankakuganizira kale.

Mphatso zawo zina n'zokhalitsa. Khutu lodwalalo limanka ligontha pang'onopang'ono, kuyambira mawu a besi, ndipo munthu wanzeru amadziwa ntchito yake. Kumsonkhano wa ndale ndimakhala cholozetsa khutu limenelo ku chimkuzamawu. Wobwera kudzakumbutsa za ngongole ya thumba la feteleza ndimamupatsa mpando wa mbali yomweyo. Usiku agalu akamauwa fisi, ndimagonera khutu labwinolo, basi mudzi wonse wachoka. M'malo mwa zonsezi anandiikira nyimbo yawoyawo, mluzu ndi mkokomo zosaduka, yosafuna mabatire kapena sola. Mlaliki wina anandiuza kuti ndi angelo. Ngati ndi choncho, kwayayo ikudziwa nyimbo imodzi yokha.

Amasamalanso za kadyedwe kuposa namwino aliyense. Mchere, ati uchepe kwambiri, chifukwa umasunga madzi m'thupi. Ndiye ganizani munthu wa ku Kasungu, amene ndiwo zake za miyezi yovuta ndi usipa wouma ndi nkhwani, akudya zozizira ngati wofedwa amene sanamete. Tiyi wakuda achepe, khofi ayi, mowa ayi. Ndipo fodya ayi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ine ndi wapamphuno yemweyo anandilanda, n'kundisiyira maekala awiri a woti ndizilimira anthu a ku Ulaya ndi ku China.

Musaganize kuti amangogwira ife a makasu. Alan Shepard, munthu woyamba wa ku America kupita mumlengalenga mu 1961, roketi sinamugwetse, koma khutu lake lamanzere linamukhazika pansi zaka zingapo akugwira ntchito ya muofesi. Anachita kumupanga opaleshoni ya khutu, ndipo mu 1971 anakaponda pamwezi ndi Apollo 14, n'kumenyako timipira ta gofu. Ndikamakwawa kuchoka kuchigafa kupita pakhonde ndimakumbukira kuti ine ndi mkulu ameneyo tinagwadira mfumu imodzi.

Tsono poti munthu sayamika, ndinapita kukawachitira chiwembu a Chizungulire. Mapiritsi a betahistine ndi ena okodzetsa ndinamwa, iwo n'kumangobwerabe monga mwa nthawi zonse. Akatswiri a makutu, mphuno ndi kukhosi m'dziko muno ndi owerengeka. Kwa zaka zambiri dokotala wa opaleshoni ya zimenezi anali mmodzi yekha, Wakisa Mulwafu wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo zoyeza kamvedwe ka makutu ambiri a chigawo chino amakazipeza ku Lilongwe, monga ku kiliniki ya African Bible College. Kungofika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 120, mu minibasi, mutu uli m'manja, kondakitala akukuyang'anitsitsa kuopera mipando yake. Apanso a Chizungulire anasankha bwino malo: likulu lawo analiika kutali ndi adani awo.

Chida cha chiwembucho ndi jakisoni wa steroid, dexamethasone kapena methylprednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa. Sabaya pathako kapena paphewa. Amakugoneka chagada, mutu n'kuupendeketsa, amapaka mankhwala ochititsa dzanzi pa mwinikhutu, kenako kasingano kakatali, kowonda, kamaboola mwinikhutuyo n'kuthira mankhwala kuseri kwake. Kuchokera pamenepo amayenera kulowerera okha kudzera pa kachikopa kopyapyala kotchinga khomo la khutu la m'kati. Amayamba awafunditsa pang'ono, chifukwa madzi ozizira m'khutu amaitana a Chizungulire nthawi yomweyo, ndipo ngakhale ofunda amatha kuwadzutsa kwa kamphindi kuti aone amene akugogoda. Kabowoko kawirikawiri kamatsekeka kokha, ngakhale kwa ena ochepa kamachedwa.

"Bambo, kwa theka la ola musatembenuke, musalankhule, ndipo yesetsani kusameza malovu," anatero adokotala. Pali kanjira kochokera kukhutu kupita kukhosi, ndiye ukameza kamatseguka, mankhwala n'kutsikira kumeneko, umangomva kuwawa kukhosi. Sindinkadziwa kuti munthu amalakalaka kumeza malovu chomwecho kufikira atamuletsa. Mayi a kunyumba, omwe anakhala pambali atagwira chipewa changa, anaona bata limenelo n'kufunsa mwaulemu wonse: "Adokotala, ameneyu sangapezeke woti ndizikawabaya ndekha kunyumba?"

Ulipo jakisoni wina waukali, wa gentamicin, amene sanyengerera. Iye amapha timaselo ta m'khutu tomwe timatumiza mauthenga abodzawo, koma akhoza kutengera limodzi ndi kumva komwe kunatsala. Madokotala a ku London ndi Leicester anayerekeza awiriwa pa odwala 60 kwa zaka ziwiri, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu magazini ya The Lancet mu 2016: methylprednisolone anachepetsa maulendo a chizungulire ndi 90 pa 100 alionse, gentamicin ndi 87. Kunena kwina, kukambirana ndi mfumu kunapindula chimodzimodzi ndi kuotcha nyumba yake. Koma onani kuti palibe mwa awiriwa anafika pa 100, ndipo matendawa ali ndi chizolowezi chongokhala chete okha miyezi, mwinanso zaka, kotero kuti akasowa sungalumbire ngati wawathamangitsa ndi jakisoni kapena angopita kukayendera anthu awo ena.

Kwa ine, atandibaya n'kubwerezanso patapita masabata, a Chizungulire anayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera sakhalitsa. Oimba awo okha ndiwo anatsala, ndipo khutu silinabwerere mwakale. Ndimayenera kusangalala, koma taonani zimene ndataya. Makheni a kunazale andibwerera. Mayi a kunyumba akandiona ndagona masana amabwera kudzandiyang'ana m'maso, poti anaphunzira kuti a Chizungulire akakhalapodi maso amanjenjemera okha, ndipo akapeza ali phee amandipatsa khasu. Mchere sanandibwezere. Lamulungu lapitali akulu a mpingo anandiimiritsa kutsogolo, pamaso pa anthu onse, ngati chitsanzo cha munthu amene anamva uphungu wawo n'kusiya mowa, ndipo amayi a chigwirizano analulutira.