Safunsa anagula foni

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ambiri lero akuganiza kuti mwambiwu unapuma ntchito. Munthu afunsiranji pamene foni yake ikudziwa njira zonse? Komatu Safunsa sanamwalire. Anangogula nsapato zodula ndi kabotolo ka madzi, ndipo Loweruka mumamupeza m'mapiri a Santa Monica ku California, pa njira ya Mishe Mokwa, akukwera Sandstone Peak. Foni yamuuza zoona zokhazokha: ulendo wozungulira wa makilomita pafupifupi 10, ndi nsonga yotalika mamita 948, yoposa zonse m'mapiriwo. Chimene sinamuuze n'chakuti kumeneko mayina ndi abodza. Dzina la phirilo limanena za mwala wamchenga, pamene mwala wake ndi chiphalaphala chouma cha phiri lophulika. Bodza limenelo silipweteka munthu. Lopweteka lili m'munsi, m'zigwa za mthunzi, kumene pansi pa mitengo ya oak pamamera kachitsamba ka masamba atatuatatu kotchedwa poison oak. Si oak n'komwe. Ndi kachibale ka mango. Chitedze chathu chili ndi ulemu, chimakuyabwa pomwepo kuti udziwe pamene walakwa. Kameneka kamakupaka mafuta ake mwakachetechete, n'kukulola ujambule zithunzi, ubwerere kwanu, udye, ugone, kenako matuza n'kutuluka patapita tsiku limodzi kapena atatu. Phula lenileni limenelo, lokongola ngati uchi, makamaka masamba akamafiira chakumapeto kwa chaka.

Wina anena kuti ndikunamizira foni, pakuti kufunsa foni n'kufunsanso ndithu, ndipo yapulumutsa anthu ambiri osochera. Sindikutsutsa. Koma foni imayankha chimene waifunsa basi, ndipo vuto la Safunsa n'lakuti sadziwa choti afunse. Amafunsa kutalika kwa njira, osafunsa pamene mthunzi uthera. Munthu amene mwakumana naye akutsika, thukuta lili kamukamu, botolo lili gwa, amayankha ngakhale usanatsegule pakamwa: nkhope yake yokha ikukuuza kuti ukachoka pa Split Rock, pamene pali mitengo ndi popumira, kutsogoloko ndi mtunda wa zitsamba zazifupi, dzuwa likuswa mtengo umene kulibe. Ndiponso m'zigwamo netiweki imathawa. Mlangizi wanji amene amalankhula kwambiri m'tauni n'kukhala duu pamene njoka ya mchira wolira ngati chisekese yagona panjira?

Wina anenanso kuti anthu nawonso amanama. Apa ndigonja pang'ono. Palibe wotsika phiri, kaya Mulanje kaya California, amene sanauzepo wokwera kuti "mwatsala pang'ono". Koma bodza la munthu limagwidwa msanga, chifukwa miyendo yake ikunjenjemera pamaso pako. Chithunzi cha pa Instagram sichinjenjemera. Chimaonetsa nyanja ya Pacific ili buluu patali, munthu atatambasula manja pansonga, osaonetsa kuti moto wa Woolsey wa mu Novembala 2018 unapsereza mbali yaikulu ya mapiriwa, kapena kuti wojambulidwayo madzi anamuthera ali pakati pa njira.

Ndiye Lachiwiri mumupeza Safunsa mu ofesi, akukanda msongolo pansi pa desiki ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo likulemba pa foni, kufunsa kuti matuzawa achokera kuti.