Walira mvula walira matope, walira matope walira ngongole

Makolo athu ponena kuti walira mvula walira matope ankalangiza mlimi. Ankamuuza kuti ukamadandaula kuti kumwamba kwauma, udziwiretu kuti tsiku lomwe madzi adzagwe udzaterereka pakhomo pako pomwe, ndipo usadzatukwane. Sankadziwa akuluakuluwo kuti dziko lidzabala mtundu wina wa anthu osasamala za mvula, olirira matope enieniwo. Awa ndi anthu oti akaona chithaphwi mtima umakhala m'malo, oti amagula galimoto yabwinobwino, n'kuyamba kuikweza, kuicheka ndi kuipachika zitsulo, cholinga akaititimize dala kutchire Loweruka.

Mtundu umenewu uli ndi malo ake opatulika. Ku California kuli Rubicon Trail, kanjira ka miyala yokhayokha ka makilomita pafupifupi 35 m'mapiri a Sierra Nevada, komwe eni magalimoto a Jeep akhala akusonkhana chaka ndi chaka kuyambira 1953. Mtunda woti pamsewu wa phula ndi theka la ola, iwo amagonerapo masiku awiri n'kubwerako akudziguguda pachifuwa. Ku Moab, m'chigawo cha Utah, nyengo ya Pasaka anthu ena akamathamangira kutchalitchi, iwo amakakwera matanthwe, mwambo womwe unayamba mu 1967. Ku Australia kuli Old Telegraph Track ya ku Cape York, komwe pa mtsinje wa Gunshot amatsitsa galimoto chamutu pagombe lotsetsereka koopsa, anzawo akujambula ndi mafoni. Njira yolambalala ilipo ndithu. Kungoti woidutsa amasowa nkhani yokamba madzulo pamoto.

Matendawa amayamba pang'ono. Galimoto ikangokhula mimba pamwala kamodzi, mwini wake sagona tulo. Amaweruza kuti ndi yaifupi, n'kukagula masipulingi aatali ndi ma shock absorber ake. Galimoto yakwera masentimita 5, bambo akumwetulira. Koma akagwada n'kusuzumira kunsi, akupeza kuti difu, chimutu chachitsulo chija chili pakati pa ekiselo, chidakali pomwe chinali dzulo. Masipulingi amakweza thupi lokha. Difu imakwezedwa ndi tayala. Basi, matayala a mainchi 31 achoke, abwere a mainchi 35. Apanso masamu ndi ankhanza: walipira mainchi 4 koma pansi wapindula awiri okha, poti theka lina la tayala lili kumwamba komwe kulibe mwala.

Kuyambira apa chitsulo chilichonse chimakhala ngati mlendo wofika ndi kachikwama kamodzi akuti ndigona usiku umodzi wokha, mawa lake n'kuitana mkazi, ana ndi mlamu wake. Tayala lalikulu likamakhota limakhula thupi la galimoto, ndiye munthu yemwe dzana ankakalipira mwana chifukwa chokanda penti ndi kamtengo, lero akucheka yekha galimotoyo ndi makina. Tayala lomwelo likazungulira kamodzi limayenda mtunda wotalikirapo, moti muvi ukamaloza 100, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 113. Wapolisi wapamsewu sawerenga mainchi; amangolemba lisiti. Injini nayo imayamba kuwefuka pachitunda, mabuleki amachedwa kumva, mafuta akutha ngati pali wina akumwa. Makaniko amapukusa mutu mwachisoni chabodza n'kunena kuti magiya a m'difu asinthidwe, mwachitsanzo kuchoka pa 3.73 kufika pa 4.88. Musaiwale, bwana, madifu ndi awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ayenera kufanana.

Tsopano galimoto yatalika, mphamvu zabwerera. Loweruka lotsatira yaima pakamtunda, tayala limodzi lili m'malere likuzungulira lokha, linzake lili pansi phee. Si ufiti. Difu wamba inapangidwa kuti pokhota tayala lakunja lizithamanga kuposa lam'kati, choncho tayala limodzi likataya nthaka, kuzungulira konse kumathawira komweko. Mankhwala ake ndi chomangira difu, chokakamiza matayala onse awiri kuzungulira limodzi. Chotchuka kwambiri ndi Air Locker cha kampani ya ARB ya ku Australia, yomwe Tony Brown anayambitsa mu 1975 atabwerako ku Cape York pa Land Rover, ataona momwe tchire linkathyolera zitsulo za magalimoto a apaulendo. Chomangiracho chimagwira ntchito ndi mpweya, ndiye pafunika kompuresa, mapaipi ndi mawaya. Chikamangidwa, mphamvu yonse ya injini imatha kugwera tayala limodzi lomwe lakanirira pakati pa miyala, ndipo kumamveka kaphokoso kamodzi koti thyo! Ekiselo yapita. Pafunika yolimba. Yolimbayo ikalowa, chothyoka chimakhala chitsulo chotsatira pamzere, chomwe kawirikawiri n'chokwera mtengo kuposa choyamba.

Phindu lenileni la zonsezi ndi lakuti galimoto yomwe kale inkatitimira pafupi ndi mudzi, pomwe ana ankatha kuitana thirakitala, tsopano ikutitimira komwe foni sigwira. Apa ndi pomwe winchi imalowera. Kampani ya Warn ya ku America, yomwe inayamba mu 1948 ndi tizitsulo tomasulira matayala akutsogolo a ma Jeep otsala kunkhondo, inatulutsa winchi yake mu 1959, ndipo chiyambire pamenepo amuna ambiri akhala akukhulupirira kuti angadzikoke okha pavuto lililonse. Odziwa amati winchi izitha kukoka kulemera kwa galimoto yodzaza ndi theka lake pamwamba. Winchi yotere siikhala pa bampa ya pulasitiki; imafuna bampa yachitsulo. Ziwirizi zikakhala pamphuno, galimoto imawerama, ndipo masipulingi aja tinayambira aja akuyenera kugulidwanso. Winchi imayamwanso moto wambiri, ndiye batire lachiwiri lilowe.

Chomwe wogulitsa sanena n'chakuti winchi imafuna mtengo womangirirapo, pomwe matope abwino amapezeka m'dambo mopanda mtengo. Zikatero, njira yodziwika ndi kukumba dzenje, kukwirira tayala lapadera, n'kumangirira chingwe pamenepo. Ndiye taonani munthu wathera ndalama zokwana nyumba pa makina, ali m'matope ofika m'mawondo, akutuluka thukuta ndi fosholo.

Nanga chipaipi chija chimakwera m'mbali mwa galasi mpaka kudenga, chomwe amati snorkel? Ntchito yake ndi yomveka. Injini imapuma mpweya, ndipo ikameza madzi, poti madzi safinyika, zitsulo zam'kati zimapindika nthawi yomweyo. Chipaipicho chimakweza mphuno ya injini, komanso chimaithandiza kupewa fumbi la m'munsi. Vuto ndi lakuti chikamangidwa, mwini galimoto amayamba kudziona ngati kaputeni wa sitima ya Ilala. Amaiwala kuti kompyuta ya galimoto siisambira, kuti difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imatha kuyamwa madzi n'kuwononga oilo, komanso kuti mtsinje wothamanga sufunsa kuti injini ikupumira pati, umangonyamula zonse.

Kenaka denga. Pakwere tenti, zigubu za dizilo, jeki yaitali, matabwa opondapo matayala mumchenga. Kumbuyo kulowe furiji, madirowa ndi thanki yamadzi. Galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu omwe fakitale inalemba, ndipo zitsulo zonsezi zimadya malire omwewo, mpaka kufika poti malo a mayi a kunyumba ndi ana atha pa sikelo ngakhale mipando ilipo. Kulemera kukakwera m'mwamba, galimoto yomwe inakwezedwa kale ija imayamba kupendama pokhota, ndipo pamalo opendekeka imatha kugona chammbali mwaulemu, matayala a mainchi 35 akuyang'ana dzuwa.

Choseketsa chachikulu chimabwera kumapeto. Galimoto ikatha kukonzedwa, imakhala yadya ndalama zambiri moti mwini wake amayamba kuiopera. Minga ingakande penti, matope angalowe mu winchi, mwala ungapinde bampa yatsopano. Ambiri mwa magalimoto amenewa, kaya ku Johannesburg kaya ku Los Angeles, phiri lalikulu lomwe amakwera ndi kakhonde ka simenti ka pamalo oimikapo magalimoto kusitolo. Matayala ake amalira muuu pa phula ulendo wonse, akulirira dambo lomwe sadzaliona. Mwini wake analira matope, matope atamuyandikira anathawira kotsukitsa galimoto.

Sikuti onse ndi amisala. Ku Iceland kampani ya Arctic Trucks imaveka magalimoto matayala a mainchi 38 mpaka 44 kuti akaphwetsedwa pang'ono aziyandama pamwamba pa chipale, ndipo pachipale chotere popanda zimenezi suyenda. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anayamba aona njira, kenaka n'kugula chitsulo. Anzathu ena amayamba agula chitsulo, kenaka n'kumafunafuna njira yoti chiwoneke chofunika.

Kuno kwathu nkhaniyi imamveka mwachilendo, chifukwa matope omwe ena amawalipirira ulendo wa masiku, ife amatipeza okha mu Januwale, aulere. Dalaivala wa ambulansi ya Land Cruiser yopita kuchipatala chakumudzi salira matope, koma amawadziwa kuposa mwini winchi. Alendo ochokera ku South Africa amafika ndi magalimoto onyamula sitolo yonse padenga, n'kumakwera msewu wokhotakhota wochoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia mtima uli m'mwamba, kumbuyo kwawo pikiapu yakale ya matola, yodzaza anthu ndi matumba, ikuliza hutala kuti apatuke. Dalaivala wa pikiapuyo chuma chake chili m'mutu. Amadziwa kuphwetsako matayala kuti agwire nthaka mokwanira, kulowetsa giya yoyenera asanafike pachithaphwi osati ali pakati, kutsika n'kuyeza madzi ndi ndodo, komanso kubwerera mtsinje ukadzaza. Zikakanika, pamakhala anyamata a makasu omwe amadziwa mtengo wa dzenje lililonse m'dera lawo, ndipo winchi imeneyi siifuna batire.

Pali chimodzi chokha chosaseketsa. Pokoka galimoto yotitimira, musamangirire chingwe pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo kuja. Sikanapangidwire kugwedezedwa mwadzidzidzi. Kakathyoka kamauluka n'kuboola galasi, ndipo anthu afapo m'njira imeneyi. Chingwe chimangidwe pamalo omwe anapangidwira ntchitoyo, ndipo oonerera aime patali.

Tsono inu amene mwayamba kuyeza galimoto yanu ndi maso, mukuti ikanatalikirako pang'ono, yambani mwaiyendetsa momwe iliri kwa chaka chathunthu. Gulani matayala abwino a msinkhu womwewo, pampu, chingwe cholimba ndi fosholo, ndipo kutchire muzipita ndi mnzanu wa galimoto ina. Pomwe yakanikadi kudutsa, ndi pomwe pakuuzeni chitsulo choti mugule. Mukaona kuti simungapirire, pitani kwa makaniko, koma fizi ya ana muyambe mwalipira.