Siteshoni ya magetsi ya pakhomo panga

Amene mumadutsa pa Golomoti mwawaona mapanelo a sola aja atandandalika m'mizeremizere. Ndi a kampani ya JCM Power, anayamba ntchito mu 2022, amapanga mamegawati 20, ndipo pambali pake pali chibatire cha lithium chotha kutulutsa mamegawati 5 kwa maola awiri. Chimene nyuzipepala sizinalembe n'choti kuno ku Mua kulinso siteshoni ina ya magetsi. Bwana wake ndine.

Yanga inatsegulidwa chaka chomwecho. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, mdima n'kuyamba kubwera osaodira. Ndinaitanitsa banja lonse n'kulengeza kuti pakhomo pano koloboyi wapuma pantchito. Ndinagula kasola kamodzi, kainveta, ndi batire lomwe linakalambira m'minibasi ya pakati pa Salima ndi Balaka. Wogulitsa analumbira kuti likadali kamnyamata.

Mnzanga wa pabawo, mphunzitsi wa sayansi, anafuna kundigwetsa mphwayi. Akuti batire la galimoto analipangira kulizitsa injini kwa masekondi ochepa, kenako galimotoyo ikamayenda imalidzazanso. Kumalikama mpaka kuuma usiku uliwonse n'kulipha msanga, n'chifukwa chake a sola amagula mabatire a deep cycle, opirira kukamidwa. Ndinamuyankha kuti sayansi ya m'kalasi ndi ina, ya kumudzi ndi ina. Iye anatenga kamtengo n'kuwerengetsera pansi: batire ngati langa, la mavoti 12 ndi 100Ah, likanakhala latsopano, pangafunike oposa 8,000 kuti afanane ndi la ku Golomoti. Ndinalimba mtima. Limodzi ndinali nalo kale.

Mbiri inawanda mpaka ku Mtakataka. Mafoni anayamba kufika m'majumbo: ya apongozi, ya alamu, ya a kwaya, ngakhale ya munthu amene tinasiya kulonjerana pa nkhani ya mbuzi. Sindinalipiritse aliyense. Ulemu unkandikwanira. Ena anayamba kunditcha "a injiniya", ine osakana.

Ndiye linafika tsiku la Maule ndi Manoma, mu Okutobala, kutentha kwa kuno kuchigwa kutafika poti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa. Magetsi anazima masana. Ndinaitana amuna a mudzi wonse, ndinayatsa TV, fani, ndi mafoni onse aja pa ekisitenshoni imodzi, n'kukhala pampando wa ndalema. Chigawo choyamba chisanathe, kainveta kanayamba kulira ngati mwanapiye wotayika. Oyimbira mpira ataloza penate, wosewera akubwerera m'mbuyo kuti amenye, TV inati zii. Chigawo chachiwiri tinakamvera kwa agogo ena oyandikana nawo, pa kawailesi ka mabatire awiri a tochi, a injiniya atakhala pachitsa chakumbuyo.

Usiku womwewo boma linagwa. "Bambo a Mphatso," anatero mayi a kunyumba, "batire ili munagula ndinu, koma ndalama zinali za mandasi anga. Kuyambira lero ndondomeko nditulutsa ndine."

Anaimata pachitseko. Kukada, babu limodzi la Mphatso yemwe akukonzekera mayeso a MSCE. Kenako foni yawo, poti makasitomala amatumizirapo ndalama. Kenako ya apongozi, ndipo pamenepo palibe zokambirana. TV ndi Lamlungu masana, dzuwa likawala bwino. Zophika zinatsalira mbaula, yomwe chiyambire sinalirepo ngakhale kamodzi. Chowawa n'choti chilowereni boma latsopanoli, batire lija silinatigonekepo mumdima.

Ine sanandichotse ntchito, anangondisintha udindo. Loweruka lililonse ndimakwera padenga ndi kansanza kukapukuta fumbi pa sola, popeza fumbi limatchinga dzuwa, ndikatsika n'kusuzumira ngati madzi a m'batire sanaphwe. Nditadandaula za foni yanga, anati nkhaniyo aiunika. Yankho linatuluka Lolemba: aiika mu gulu C, pamodzi ndi tochi ya kuchimbudzi.