Ulemerero wa Paipi Yowongoka

Kuyambira pamene amishoni a Dutch anafika pa Mvera m'chaka cha 1889, nadzamanganso pa Kongwe mu 1894, mapiri a Dowa ndi Ntchisi anali ndi mawu aakulu awiri okha omveka kutsidya kwa chigwa, ndiwo belu loitanira anthu ku mapemphero ndi mbalule yoitanira gule ku bwalo. Ndipo angakhale eni ake a mawu awiriwa sanali kumwerana madzi, anagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti phokoso lili ndi nthawi yake, ndi kuti woliza ayenera kuyamba waloledwa ndi akulu. Koma taonani, m'masiku ano kwabadwa mawu achitatu, osadziwa Sabata kapena dambwe, ndiwo a njinga yamoto ya kabaza imene mwini wake waichotsa sailensa naikapo paipi yowongoka.

Nthendayi imayamba motere. Mnyamata akagulitsa soya wake nagula njinga ya Lifo yatsopano, amakondwa masiku owerengeka okha; pambuyo pake mtima uyamba kumuwawa poona kuti akamadutsa pa Mponela tsiku la msika palibe ndi mmodzi yemwe wocheuka, pakuti njingayo ingong'ung'udza chapansipansi ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Pamenepo apita kwa mmisiri wowotcherera, munthu wa magalasi akuda ndi mawu ochepa, amene adula sailensa ndi sowo, natola paipi yamadzi yakale pa mulu wa zitsulo, nailumikiza, nati, "Achimwene, mwaichitira chifundo njingayi, inali kubanika." Sailensa yodulidwa ija aiika bwinobwino pansi pa benchi, osanena kanthu za iyo.

Tsono amene anakonza sailensa sanali anthu opanda nzeru. Utsi umatuluka mu injini mophulikaphulika, ndipo m'kati mwa chitsulocho anaikamo timipanda ndi timabowo kuti mpweyawo uzikhotakhota, nutaya ukali wake usanafike kunja. Kabuleta nayenso anamuyeza molingana ndi njira yokhotayo. Mukaiwongola osakonzanso kabuleta, mpweya uchuluka mosalingana ndi petulo, injini itentha koposa muyeso, valavu iyamba kupsa, ndipo potsetsereka njinga ingoti phaa! phaa! kufikira nkhuku za m'mbali mwa msewu zitathawira m'fodya. Choseketsa koposa n'chakuti mphamvu imene imachepa ndi ija ya poyenda pang'onopang'ono, yomwe ndiyo ifunika pa chitunda. Ndipo dziko lathu lino Mulungu sanalimane zitunda. Chotero mudzamva kubangula koopsa kukukwera kuchokera pa Chezi kulinga ku boma la Dowa, agalu nauwa, ana nathamangira kumsewu, ndipo mutadikira kufikira khosi litatopa, mudzaona kanjinga kakukwawa ndi thumba la chimanga, mwini thumba akubwera pambuyo wapansi, atalipira kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindinena zambiri za amayi amene ali ndi chipsera pa katumba wa mwendo wamanja, popeza paipi ya mmisiri ilibe chotchinga, ndipo imadinda wokwera aliyense mosayang'ana nkhope kapena mpingo.

Mlandu weniweni uli pa mwambo. Kwathu kuno masamba akayalidwa pamsewu, aliyense adziwa kuti pamudzi pagwa zovuta: wapanjinga yopalasa atsika, wachipewa avula, wagalimoto achepetsa liwiro. Mwini paipi naye ndi mwana woleredwa, ndipo amachepetsa ndithu. Koma pochepetsapo ndi pamene njinga yake iombera, kotero kuti ulemu wake womwewo ndiwo udukiza nyimbo za amayi ndi mawu a mwini mbumba pasiwa. Akulu ayang'anana, ndipo palibe wofunsa kuti wadutsayo ndani, pakuti paipi iliyonse ili ndi liwu lake, ndipo mudzi wonse, kufikira agogo amene maso anachita khungu, umalidziwa monga udziwira tambala wa nyumba iliyonse.

Apa ndipo pagona tsoka limene mnyamata uja sanaliwerengere pogula kutchuka. Iye amene kale anali kulambalala apolisi a pamsewu podzera m'tinjira ta m'minda, tsopano alengeza njira yake kwa iwo ali kutali. Wagolosale amene amufuna ngongole ya shuga sachitanso kutuma mwana kukasuzumira. Angotchera khutu, nadziwa kuti wamangawa wafika. Ndipo m'mawa wina, mkazi wake, atagwada mwaulemu ndi madzi osamba, anena mofatsa kuti, "Bambo a mwana, dzulo munati mwapereka munthu ku Malomo, ndipo ndinakumverani chisoni ndi mtunda; koma njinga inazimira kuseri kwa chigayo, ndipo sinalirenso kufikira tambala woyamba. Kodi yawonongeka?"

Tsiku lomwelo bamboyo aoneka kwa mmisiri, akudandaula kuti paipi ikudya petulo. Mmisiri avula magalasi, napukusa mutu, nati masailensa akusowa kwambiri masiku ano, ngakhale ku Lilongwe. Koma mwa mwayi ali nayo imodzi pansi pa benchi, yokwana ndendende pa Lifo yotere, ndipo poti ndi achimwene, awachotserako pang'ono pa mtengo wa yatsopano.